Ku Superbooth ku Berlin: bokosi kapena pulagini?

Sitima ya S3 imakutsitsa pa Wuhlheide, kenako n'kuyenda wapansi m'nkhalango mpaka ku FEZ. Malowa ndi a masewera a ana, koma mu Meyi amasanduka msika wa zida zopangira nyimbo wotchedwa Superbooth. Phokoso limayamba kumveka usanaone n'komwe chipata.

Ndinapita ndi funso la ntchito. Ndikulemba pulogalamu yoika reverb, kamvekedwe kobwerera ngati ka m'holo yaikulu, pa mawu a kwaya, ndipo ndinkafuna kudziwa ngati ndiiike m'bokosi logwirika kapena ikhale pulagini, kapulogalamu kolowetsa mu pulogalamu yojambulira nyimbo pa laputopu.

Matebulo anali odzaza ndi ma module a Eurorack, tizida topangira mawu timene amatilumikiza ndi zingwe, zingwezo zili piringupiringu ngati mpanda wa maungu. Anthu ankangopotokola timabatani, maso ali tsinzi. Koma ukafunsa zimene zili kuseri kwa chitsulo chokhala ndi timabatanito, nthawi zambiri amakuuza kuti muli tchipu ya STM32 yoyendetsa C++. Émilie Gillet wa Mutable Instruments anaika poyera code ya ma module ake, ndipo code yomweyo imalira mwaulere mu VCV Rack, pulogalamu yotsanzira ma module amenewa pa laputopu. Nayenso Ableton, kampani ya m'tauni momwemo yotchuka ndi pulogalamu ya Live, anatulutsa mu 2023 chida choimbira chotchedwa Push, choyima pachokha popanda laputopu, chokhala ndi purosesa ya Intel m'mimba. Ndiye mkangano woti hardware kapena software unayamba kundionekera wopanda mutu. Code ndi imodzimodzi, nkhani ili poti ikuthamangira pati.

Pamene pali kusiyana kwenikweni ndi pa kuchedwa kwa mawu. Pa 48 kHz, kutanthauza tizidutswa ta mawu (ma sample) 48,000 pa sekondi, buffer, posungira mawu podikira purosesa, ya ma sample 256 imadya mamilisekondi 5.3 polowa, enanso otero potuluka. Woimba akamadzimva m'mahedifoni amazindikira kuti chinachake sichili bwino. Ukachepetsa buffer, laputopu ikangotanganidwa ndi zina, mawu amayamba kuthetheka. Bolodi ya Bela, imene inachokera ku Queen Mary University of London, imatsika mpaka pansi pa milisekondi imodzi. Daisy Seed, kabolodi kotalika ngati chala, kali ndi purosesa ya Cortex-M7 ya 480 MHz ndipo ntchito yake ndi mawu basi, sikapita kukafunafuna ma update pakati pa nyimbo.

Komatu bokosi limadula. Kusindikiza bolodi ya zamagetsi (PCB), kuitanitsa zida kunja, msonkho, ndalama zakunja zimene kwathu kuno n'zosowa. Pulagini ikalakwika umakonza usiku, m'mawa aliyense walandira yatsopano. Waya wolakwika pa bolodi yowotcherera kale ndiye kuyambiranso.

Madzulo, nditakhala pa udzu panja ndi soseji m'manja, ndinalemba dongosolo langa m'kope: code yokonza mawu (DSP) ndiilembe payokha mu C++, ndiiyese ngati pulagini pogwiritsa ntchito JUCE, chida cholembera mapulagini, ikakhwima ndiisamutsire pa Daisy. Kutchalitchi kwathu magetsi amathima Lamlungu lililonse limene afuna, pomwe kabolodiko kamayaka ndi power bank ya foni.