Loweruka langa lonse linathera pa chilembo E

Ntchito ya kusukulu yomasula mauthenga obisa ndakapereka lero m'mawa ndipo mtima wakhala pansi, koma zomwe zinandichitikira Loweruka zikundiwawabe. Ngati nanunso mwapatsidwa uthenga wobisa kuti muumasule, yambani mwadziwa kuti unalembedwa m'chinenero chanji. Ife aphunzitsi athu a kompyuta sanatiuze.

Funso loyamba linali la njira ya Julius Caesar, mtsogoleri wakale wa Aroma, ndipo silivuta. Chilembo chilichonse mumachikankhira kutsogolo malo atatu, A n'kukhala D, B n'kukhala E. Mawu oti MADZI amasanduka PDGCL. Pa Z m'pamene anzanga ena anasokonekera: mukafika kumapeto mumabwerera poyambira, ndiye Z amakhala C. Pomasula mumangobwerera m'mbuyo malo atatu omwewo. Ngakhale akubisireni nambalayo, zoyesa zilipo 25 zokha, mutha kumaliza tiyi asanazizire.

Lachiwiri ndi limene linandidyera tsiku. Apa chilembo chilichonse chili ndi chinzake cholowa m'malo mwake, ndipo njira zosanjira zilembo 26 zimaposa 4 wotsatidwa ndi maziro 26, choncho zoyesa imodziimodzi iwalani. Chomwe mumachita ndi kuwerenga kuti chilembo chilichonse chabwera kangati, nzeru yomwe katswiri wachiarabu Al-Kindi analemba ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Aphunzitsi anatiuza kuti tikachite fotokope pepala lothandizira, ndi ndalama zathu. Ndinapita kuofesi yochitira fotokope Lachisanu kawiri konse, ulendo woyamba ndinapeza potseka, wachiwiri akuti inki yatha, ndikadikire. Pepala lomwe ndinalivutikira chonchilo linali ndi tebulo la kuchuluka kwa zilembo m'Chingerezi chokhachokha: E pamwamba, pafupifupi 13 pa 100, kenako T ndi A.

Ndinawerenga ndi pensulo, kukhwatcha chimodzichimodzi. C ndiye anali mbwee. Ndinati basi, C ndi E. Panalinso mawu a zilembo zitatu, LMF, obwera pafupifupi mzere uliwonse, ndinati ameneyu ndi THE, mawu obwera kwambiri m'Chingerezi. Koma ngati LMF ndi THE, ndiye kuti E ndi F, osati C. Ndinafufuta mpaka pepala kubooka. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndinali kukakamiza Chingerezi pamalo pomwe panalibe Chingerezi, nsima ya masana inachita kuuma patebulo.

Ndaiwala kunena: polemba mndandanda wanu wa A mpaka Z ikani zilembo zonse 26, Q ndi X omwe, ngakhale sitiwagwiritsa ntchito m'Chichewa. Mukawasiya, zonse zimasuntha.

Madzulo magetsi atathima ndinayatsa tochi ya pafoni, n'kuyang'ana kothera kwa mawu aliwonse. Onse ankathera pa zilembo zisanu zokha: C, B, F, N ndi U. Chingerezi sichitero. Chathu ndi chomwe mawu ake amathera pa a, e, i, o, u. Pomwepo zonse zinamasuka ngati mfundo ya chingwe. C wochuluka uja anali A, chilembo chomwe chimadzaza Chichewa. LMF anali NDI. IUTF anali KUTI. Timawu tatifupi WC, YC ndi ZC tinali wa, ya ndi za. Chilembo E chomwe ndinkachisakasaka chija chinalipo ndithu mu uthengamo, koma chikuimira H, n'chifukwa chake chinkakonda kutsatira T ndi P.

Nditasanja zomwe ndinapeza pansi pa A mpaka Z, ndinaona C, H, A, M, B, O zili kutsogolo. Kiyi, mawu achinsinsi osanjira zilembo, anali CHAMBO. Umu ndi mmene amapangira: amalemba mawu a kiyi poyamba, kenako zilembo zotsala m'ndondomeko yake, osabwereza zomwe zalowa kale. Pa kiyi ameneyu, kuyambira P mpaka Z palibe chinasintha n'komwe. Choncho mukaona W, Y ndi Z zikuoneka ngati zili pamalo pake, ganizirani za kiyi wotere msanga.

Chikundipwetekabe ndi pepala lija. Munthu ukudziwa kuti uthenga wako ndi wa Chichewa, n'kutumiza ophunzira kukalipirira tebulo la Chingerezi? Mzere umodzi wokha pamwamba pa funso ukanakwanira. Ndikubwerezanso kwa amene mudzachite phunziroli chaka chamawa: musanawerenge chilembo ngakhale chimodzi, yang'anani kothera kwa mawu, mudziwe chinenero. Nditadziwa chimenecho, ndime yonse ndinaimaliza batire ya foni isanathe.