Mzere wachikasu pa bajeti

Lachitatu usiku. Magetsi azima kuyambira madzulo, ndikulemba batire la laputopu likutsika, koma kugona sindingagone ndisanatule nkhaniyi.

"Achemwali, mzere uwu ukutilemera." Ndi mmene anayambira achimwene a ku akaunti masanawa, chala chili pa sikirini yanga. Ndimawatchula achimwene chifukwa mu ofesi monse olankhula Chichewa tilipo awiri okha. Iwo anabadwira ku Tafara, dera lina la mumzinda uno wa Harare, bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya kudzaphikira azungu mu Salisbury, dzina lakale la Harare. Ine ndinabwera kuno zaka 6 zapitazo kuchokera ku Blantyre. Tikapsetsana mtima timasiya Chingerezi, ndiye ena onse amadziwiratu kuti pavuta.

Tikukonza bajeti ya kafukufuku wa zaka 3 wa mankhwala a BP kwa anthu okalamba. Opereka ndalama abweza pepala lathu, ati tidule. Mzere umene chala chinaimapo ndi wa ndalama za makomiti oona kuti munthu wolowa m'kafukufuku sakuponderezedwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti ndi fizi imodzi, ulipire, adinde, basi. Si choncho. Kuno ku Zimbabwe kafukufuku wokhudza thanzi la anthu amadutsa ku Medical Research Council of Zimbabwe, imene inayamba mu 1974. Poti ife tikuyesa mankhwala, a Medicines Control Authority of Zimbabwe ayeneranso kuvomereza, ndipo amafuna umboni woti olowa m'kafukufuku ali ndi inshuwalansi ngati mankhwalawo atawavulaza. Ukafuna odwala a ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa, pali komiti ya chipatalacho pamodzi ndi University of Zimbabwe, imene timangoti JREC. Magazi akati atumizidwe kunja kukayezedwa, kapena pakakhala wofufuza wochokera dziko lina, ndiye a Research Council of Zimbabwe alowapo. Khomo lililonse lili ndi mafomu ake ndi nthawi yake yodikira, ndipo miyezi yodikirayo anamwino ndi madalaivala amalandirabe malipiro. Chilolezo chimatha pakapita chaka, upemphenso. Ukasintha kanthu mu protocol, chikalata cha ndondomeko ya kafukufuku, ngakhale kuwonjezera botolo limodzi la magazi, upemphenso. Bajeti yanga yoyamba, ndili kwathu, ndinangoikamo ndalama ya pempho loyamba. Chaka chachiwiri chitafika tinachita kubwereka ku ndalama ya mafuta a galimoto, ndipo anamwino anayenda pa minibasi ndi mabokosi a magazi pamiyendo. Mpaka lero zimandipwetekabe.

Zonsezi achimwene sakutsutsa, amazidziwa kuposa ine. Chimene akufuna chichoke ndi kachidutswa kamene ndinaikamo ndekha: kumasulira fomu yovomereza kulowa m'kafukufuku kuti ikhalenso m'Chichewa, osati Chingerezi ndi Chishona zokha.

"Tawerengerani," anatero. "Womasulira mmodzi. Wina woti abwezere m'Chingerezi kuti tione ngati tanthauzo silinasochere. Kenako fomu ya Chichewayo ipite ku komiti, aione, adinde. Protocol ikasintha, zonsezo muyambirenso, ndipo kafukufuku wa zaka 3 sangathe osasintha. Walira mvula walira matope, achemwali. Nanga ndi angati amene adzaifune? Amayi anga ali ndi zaka 79, amatsutsana mtengo wa tomato ku Mbare Musika m'Chishona, palibe amene amawabera."

Ndinawayankha zopanda nzeru poyamba. Ndinati malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amavomereza zinenero 16, ndipo Chewa ndiye woyamba pa mndandandawo. Anangopukusa mutu, nati malamulo sasaina cheke. Sanalakwe. Ndinathamangira ku lamulo chifukwa chimene chinali pakhosi panga chinali chovuta kuchinena mu ofesi, anthu akudutsa ndi makapu a tiyi.

Chimene chinali pakhosi ndi agogo ena a ku Mabvuku, dera loyandikana ndi Tafara, zaka 2 zapitazo, pa kafukufuku wina. Namwino anawawerengera fomu yonse m'Chishona, masamba ambirimbiri, mosathamanga, ntchito yake anaigwira bwino. Agogowo ankangoti "hongu, hongu," kutanthauza inde, manja ali pamiyendo, duku lofiirira lomangidwa mothina. Anadinda ndi chala chachikulu, mboni inasaina. Ine ndinali pakona ndikulongedza mafayilo, ndiye foni inalira, ndinayankha m'Chichewa. Nditadula, anandikoka chitenje, inki ikadali yonyowa pachala, nanong'ona: "Mwanawe, ndiwe wakumudzi? Tandiuza, ndikanakana akanandichotsa pa mzere wa mankhwala anga a shuga?"

Chiganizo chimenecho chinali m'fomumo. Chinalembedwa bwinobwino kuti mukhoza kukana kapena kusiya nthawi ina iliyonse ndipo chithandizo chanu sichidzasintha. Anachimva ndi makutu. Koma funso lawo linadikira mpaka atamva chinenero chimene angafunsire mopanda manyazi. Tinakhalanso nawo pansi, ndinawafotokozera kuyambira pachiyambi, ndipo analowabe m'kafukufukuyo, koma ulendo uno anafunsa mafunso 4, limodzi la mapiritsi opanda mankhwala aja amene ena amalandira osadziwa. Inki ija inasiya kadontho pa chitenje changa, sikanachoke.

Ndinawauza achimwene nkhaniyi. Anakhala chete, akuzunguza cholembera. Kenako anati, "Ndiye mukhalepo inuyo, muziwamasulira pakamwa." Ndinati sizololedwa kuti aliyense azimasulira mmene wamvera, mawu amene munthu akuvomera ayenera kukhala amene komiti yaona, ndipo ine sindingakhale pa kiliniki zonse tsiku limodzi. Ndikadwala? Ndikabwerera kumudzi?

Apa mtima wanga unayamba kuthamanga, ndipo ukuthamangabe. Chimandiwawa ndi mmene ndalama ya makomitiwa timaionera ngati msonkho wa pa mlatho, woti ungolipira udutse. Mzinda uno womwewu, mu 1995, khoti linapeza dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni, Richard McGown, wolakwa pa imfa ya odwala awiri, pambuyo pa madandaulo oti ankayesera morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, pa odwala iwo osadziwa. Si nkhani ya kutsidya kwa nyanja, akuluakulu a kuno amaikumbuka. Declaration of Helsinki, chikalata cha madokotala a dziko lonse choteteza anthu olowa m'kafukufuku, inalembedwa mu 1964, koma pepala lokha silikhala m'chipinda ndi wodwala. Pamafunika anthu okhala pansi kuwerenga protocol tsamba ndi tsamba, oyendera malo a kafukufuku, olandira malipoti munthu akadwala mwadzidzidzi atamwa mankhwala athu. Anthu amenewo amafuna ofesi, mafuta, mapepala. Ndipo agogo athu a ku Mabvuku, Tafara, Epworth, Dzivarasekwa, amene anakalambira m'makhitchini, m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino, anaphunzira kalekale kuti wovala yunifomu ukamuyankha "inde" zinthu zimayenda. Ena a iwo anakhala zaka zambiri chitupa chawo chitalembedwa kuti ndi alendo. Munthu wotero sakana msanga.

Koma ndisaname, achimwene anandifunsa funso limene sindinaliyankhe. "Chabwino, Chichewacho chikhale. Ndiye tidule pati? Ndalama ya kombi, minibasi ya odwalawo? Namwino mmodzi?" Ndalama ya kombi siingadulidwe, komiti inaivomereza, ndipo gogo sangayende wapansi kuchokera ku Epworth. Namwino akachoka, otsalawo adzawerenga mafomu mothamanga, ndiye tabwerera pomwe paja. Ndinayang'ana mzere wa ulendo wa ku msonkhano wa kunja, matikiti a ndege a akuluakulu awiri. Iwonso anauyang'ana. Palibe amene anatsegula pakamwa.

Anawonjezanso kuti tikaika Chichewa, wina adzafunsa za Chindebele, wina za Chisena cha anthu ochokera ku Mozambique, ndipo sitidzakhala ndi chifukwa chowakanira. Ndinati mwina sitiyenera kukhala nacho. Anandiyang'ana ngati mmene mkulu amayang'anira mlongo wake wamng'ono wosamva, osati mwaukali.

Mzerewo sanauchotse. Anaupaka chikasu, kutanthauza kuti abwana akaone mawa 10 koloko. Potuluka, ali pakhomo, anatembenuka nati Lamlungu akapita ku Tafara akawawerengera amayi awo fomu ya Chishona ija, aone ngati afunse kanthu. Msonkhano ndi wa mawa, Lamlungu ndi kutali.

Ndatsegulanso fayiloyo kawiri chizimire magetsi. Ndayesa kuwerengera womasulira mmodzi m'malo mwa awiri, koma wobwezera m'Chingerezi ndiye amagwira zolakwika, ndiye ndabwezeretsa. Batire latsala 9 peresenti. Ndikuganizabe mmene ndingayambire mawa, ndi agogo aja kapena ndi matikiti a ndege.