Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Anthu a kuseri kwa chikondwerero cha zimbalangondo

M'gawo lapitalo ndinafotokoza momwe ndinapezera ntchito yosamalira okalamba ku Brighton, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa England, komanso momwe ndinazolowerera kuyenda mumsewu wa St James's Street, m'dera la Kemptown, osacheukacheuka kuti ndione amene akundiyang'ana. Lero ndikamba za chikondwerero cha Brighton Bear Weekend, chifukwa kumeneko n'kumene ndinaleka kukhala mlendo wongoonerera n'kuyamba kupatsidwa ntchito pagulu.

Amene amadzitcha zimbalangondo ndi amuna okonda amuna anzawo, omwe ambiri mwa iwo ali ndi matupi ojintcha, ndevu zowirira ndi cheya pachifuwa. Gululi linayamba kudziwika ku San Francisco m'zaka za m'ma 1980, pamene magazini ndi malo achisangalalo ankatamanda anyamata owonda ndi osalala khungu, ndipo mwamuna wamimba ndi waimvi ankaonedwa ngati watha ntchito. Inalinso nthawi imene Edzi inkapulula anthu mumzindawo, kotero kuti amuna amenewa posonkhana sankangofuna chisangalalo chokha, ankafunanso potonthozana ndi potolera ndalama zothandizira odwala. Mu 1987 Richard Bulger ndi mnzake Chris Nelson anayambitsa magazini yotchedwa Bear, ndipo mu 1989 bala ya Lone Star Saloon inatsegulidwa n'kusanduka pokumanira pawo. Mu 1995 Craig Byrnes anakonza mbendera ya mizere 7, yochokera pa mtundu wofiirira mpaka wakuda, yokhala ndi phazi la chimbalangondo pakona. Chaka chomwecho unayamba msonkhano wa International Bear Rendezvous, umene bungwe la Bears of San Francisco linkachititsa mpaka 2011. Zikondwerero za ku Provincetown ku America m'mwezi wa Julaye ndi ku Sitges ku Spain m'mwezi wa Sepitembala zimayenda m'mapazi omwewo.

Mbiri yonseyi sindinaiwerenge m'buku ayi. Ndinaimva pang'onopang'ono kwa abambo ena opuma pa ntchito amene ndinkakhala nawo patebulo logulitsira matikiti, ndipo iwo ankaifotokoza monyadira ngati kuti analipo pamene zonsezo zinkachitika.

Chikondwerero cha ku Brighton chimachitika m'nyengo yotentha, ndipo chimayendetsedwa ndi komiti ya anthu ongodzipereka, osalandira malipiro, amene masana amagwira ntchito zawo zina. Pa nthawi imene ndikunenayi, ndalama zimene ankatolera zinkapita ku Brighton Rainbow Fund, thumba lomwe linkagawa thandizo kwa mabungwe a mumzindawo othandiza amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo ndi ena otero, komanso omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Mlendo wobwera kudzavina amaona magetsi, nyimbo ndi khamu la anthu a ndevu, koma saona miyezi imene anthu ochepa anatha akukambirana ndi eni mabala, kupempha mphatso za mpikisano wa matikiti, kusindikiza malaya ndi kulemba ndandanda ya amene adzaime pakhomo ora lililonse. Kwa ine zinali ngati komiti ya ukwati kwathu: pali wapampando amene aliyense amamudandaulira, mlembi amene saiwala kanthu, ndi msungichuma amene sasekerera mpaka zonse za pa perekaniperekani zitawerengedwa.

Ntchito yanga yoyamba inali yonyamula chidebe cha chopereka. Chidebecho chinali chomata pakamwa, chokhala ndi kabowo kakang'ono, ndipo ndinauzidwa kuti sindiyenera kukakamiza munthu, koma kungoima pooneka n'kumathokoza aliyense ngakhale woponya kakobidi kamodzi. Madzulo tinachitsegula pamaso pa anthu awiri, tinasanja makobidi m'timilu patebulo lonyowa ndi mowa, tinawerenga kawiri, ndipo tonse tinasaina papepala. Ena angati kumeneku n'kukokomeza pa ndalama zochepa, koma ine ndimaona kuti chikondwerero chikhoza kusowa woimba wotchuka anthu n'kubwerabe chaka chamawa, pomwe mphekesera imodzi yokha yokhudza chopereka ikhoza kuchithetseratu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya zithunzi. Panali wojambula amene zithunzi zake zinkaikidwa pa Facebook, ndipo ine ndinkadziwa kuti chithunzi chimodzi chikhoza kufika kumudzi ine ndisanagone. Ku Malawi lamulo limalola chilango cha zaka 14 m'ndende kwa mwamuna wogonana ndi mwamuna mnzake, ndipo sindinaiwale mlandu wa Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anagamulidwa zaka zomwezo mu 2010 asanakhululukidwe ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Nditamuuza mmodzi wa akomiti za mantha angawa, sanandifunse mafunso ambiri. Anangopita kwa wojambulayo, n'kundiloza, ndipo kuyambira pamenepo kamera ikandiyandikira inkatembenukira kwina. Akuda tinali owerengeka m'khamulo, choncho kundizindikira sikunali kovuta.

Chaka chotsatira anandipatsa udindo wogawa nthawi kwa onyamula zidebe, ndipo malaya a chikondwerero amene ndinalandira ndi omwe mlongo wanga anadzawapeza m'chikwama changa atabwera kudzandiona. Za tsiku limenelo ndifotokoza m'gawo 8.