Manda a Pétain pa chilumba cha Yeu

Ndinakwera boti ku Fromentine m'mawa nyanja itawinduka, moti pofika ku Port-Joinville miyendo inali lendelende. Anzanga a m'botimo anathamangira kukabwereka njinga kuti akazungulire magombe a Île d'Yeu, chilumba cha ku France. Ine chondibweretsa chinali manda amodzi basi.

Ndinayambira ku Fort de Pierre-Levée, linga lamiyala lobisika m'mitengo kumtunda kwa doko, limene eni mudzi amangoti Citadelle. Philippe Pétain, mkulu wa asilikali amene anatsogolera France pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anatsekeredwa muno kuyambira Novembala 1945. Pa 15 Ogasiti chaka chomwecho khoti linagamula kuti aphedwe pa mlandu wogwirizana ndi adani, koma Charles de Gaulle, mtsogoleri wa boma pa nthawiyo, anasintha chilangocho kuti akhale m'ndende moyo wake wonse, poona kuti munthuyo anali ndi zaka 89. Mkazi wake anamutsatira, nkumagona mu hotela ya padoko ndi kumakwera mtunda kukamuona. Pang'ono ndi pang'ono mutu unamusokonekera mpaka kumaiwala anthu. Mu Juni 1951 anamusamutsira m'nyumba ina m'tauni, ndipo anamwalira pa 23 Julayi ali ndi zaka 95.

Nditaima m'bwalo la lingalo chisoni chinandigwira, sindibisa. Ife tinakula tikuuzidwa kuti nkhalamba saichita chipongwe, ndipo uyu ndi yemwe Afalansa ankamuimba ngati mpulumutsi pa nkhondo ya ku Verdun mu 1916. Koma chisonicho sichinakhalitse. Ndi Pétain yemweyu amene anatsogolera boma la Vichy, boma la France logwirizana ndi Ajeremani, nagwirana chanza ndi Hitler ku Montoire mu Okutobala 1940, mwezi womwe boma lake linakhazikitsa lamulo lochotsa Ayuda pa ntchito za boma ndi zauphunzitsi. Mu Julayi 1942 apolisi a dziko la France, osati Ajeremani, anagwira Ayuda oposa 13,000 ku Paris, mwa iwo ana oposa 4,000. Iye anapatsidwa dokotala, bedi ndi mkazi womuzonda mpaka imfa. Anawo anakwezedwa m'sitima za ku Auschwitz, msasa wopherako anthu.

Kumanda a ku Port-Joinville sindinavutike kufufuza. Mwala wake ndi woyera mbee, pali mtanda, ndi mawu ochepa: Philippe Pétain, Maréchal de France. Za Vichy palibe ngakhale chilembo chimodzi. Pamwamba panali maluwa osafota, kusonyeza kuti alipo amene amabwerabe. Omukonda otere ndi amene mu Febuluwale 1973 anafukula bokosi lake usiku kuti akaliike ku Douaumont, pakati pa asilikali a ku Verdun. Apolisi analipeza m'galaja ku Saint-Ouen, kufupi ndi Paris, nkulibweza pompano.

Kwathu ukafika pamanda umavula chipewa. Dzanja linakwera lokha mpaka pachipumi, kenako ndinakumbukira ana aja ndipo ndinalibweza m'thumba. Ndinatsetsereka kubwerera kudoko kukadikira boti ya madzulo.