Nsomba yopanda mutu yomwe ndinaiveka chipewa chamakala

Mlamu wanga wa ku Lusaka ndiye anayambitsa zonsezi. Anatsika basi ku Chipata Lachisanu madzulo atakolekera kabokosi kozizira paphewa, m'kati muli zidutswa zinayi za nsomba yofiirira ngati papaya wakupsa, zouma gwa ndi ayezi. Anati ndi salimoni ya ku Norway, ndipo yayenda mtunda woposa umene tonse m'nyumba muno tayendapo. Pondipatsa anangoti, "Alamu, iyi sivuta. Muiike nshawa pamwamba, muuvuni mphindi 15, kwatha." M'mawa mwake iye anapitirira wa ku Lundazi, ine n'kutsala ndi mawu aja akuti sivuta.

Loweruka apongozi aakazi anafika kuchokera ku Katete, mutu utalemedwa ndi kathumba ka nshawa za Chalimbana, zija zamaso akuluakulu. Amake mwana anali ku zaukwati wa mnzawo ku Kapata. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pabanja, apongozi amandidziwa ngati munthu wowiritsa madzi a tiyi basi, ndiye ndinati lero aona.

Nsomba youma ndi ayezi imafuna kugona usiku wonse m'munsi mwa firiji, pambale, kuti isungunuke pang'onopang'ono. Ngati nthawi yakutherani, muisiye m'pulasitiki yake yomata n'kuiviika m'madzi ozizira pafupifupi ola limodzi, mukusintha madziwo. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsikulo ndinang'amba pulasitiki n'kuponya zidutswa ziwiri m'beseni la madzi ofunda ngati ndikusambitsa khanda. Kunja zinafewa n'kuyamba kutuwa, pakati pakadali mwala. Kuzipukuta sindinaganizeko n'komwe, chonsecho nsomba yonyowa ikalowa pamoto imatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imafewetsa chilichonse chimene mwaika pamwamba.

Kenako nshawa. Ndinazikazinga mpaka kufiira bwinobwino, monga zija zotafuna ndi mchere poonera mpira, n'kuzikhuthulira mumtondo zikadali zotentha. Pafupifupi theka la nshawa ndi mafuta, ndipo mafutawo amatuluka msanga nshawa zikakhala zotentha. Ine ndinali ndi wailesi pambali, mpira uli m'kati, munsi ukungotsika wokha. Apongozi anali pamphasa kuseri, pansi pa mango. Paja iwo ndi ine sitiyankhulana maso ndi maso pa zinthu zazing'ono, mawu amadzera mwa mwana. Mwana anabwera n'kuima pakhomo.

"Atate, agogo akuti mtondo ukulira ngati wa chiponde."

Ndinasuzumira. Munsi unali utamatirira pansi. Munthu ali kuseri kwa nyumba, osaona kanthu, wadziwa ndi khutu lokha kuti gu! gu! uja wasanduka phwa! phwa! Zimene zimafunika pansomba ndi tizidutswa tonga misere ya chimanga, toti dzino likaluma limve khurrr, ndipo timapezeka ndi kusinja kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu kokha, nshawa zitazizira. Ine ndinali ndi chiponde chabwino kwambiri, choti pa buledi mungachiyamikire.

Ndinauza mwana kuti akauze agogo kuti ndi mmene azungu amachitira. Ndinatenga supuni n'kumata chipondecho pansomba, kuchindikala ngati chala, kusalaza bwinobwino ngati ndikupaka pulasitala pakhoma. Uvuni unali utatentha kale pa madigiri 200, chinthu chokhacho chimene ndinachita molondola tsikulo. Ndinalowetsa, n'kutseka, n'kuyang'ana wotchi. Patatha mphindi zitatu malaiti anapita.

Uvuni ukazima musautsegule, umasunga kutentha kwa kanthawi ndithu, ndipo nsomba yosungunuka bwino ikhoza kupsa ndi kutentha kotsalako. Ine ndinautsegula kanayi kuona ngati zikuyenda, mpaka m'kati munafunda ngati m'thumba la jekete. Ndiye ndinathamangira mbaula.

Kuphika ngati muuvuni pambaula si zachilendo kwathu kuno, amayi athu amaphika chigumu choncho. Mumatenga poto wamkulu, kuthira mchenga wouma zala ziwiri pansi kuti moto usamenye mbale mwachindunji, kuutenthetsa kaye, kuika mbale ya nsomba pamchengapo, kuvundikira, ndiye n'kuika makala pachivundikiro. Pa chinthu cha nshawa makala ake ndi asanu kapena asanu ndi limodzi, aakulu ngati dzira, otuwa kale ndi phulusa, omwazikana. Ine ndinaunjika malasha oyaka lawilawi, mulu ngati ndikuwamba mbuzi, n'kuwakupiza ndi chivundikiro cha ndowa chifukwa dzuwa linali likulowa kuseri kwa mapiri.

Fungo linayamba bwino. Kwa mphindi ziwiri panali kafungo konga ka pamsika wa Saturday pamene amayi akukazinga nshawa. Kenako kanasintha. Aneba anafuula kuseri kwa mpanda kufunsa ngati ana akutenthanso tayala. Nditavundukula, utsi unandimenya m'maso, ndipo utachepa ndinaona zidutswa ziwiri zovala zipewa zakuda bii, zong'ambikang'ambika ngati dambo la mu Okutobala. M'mbali munali mutatuluka zinthu zoyera ngati dzira lophika. Zoyerazo si zoopsa, ndi chakudya cha mumnofu momwemo chimene chimafinyidwira kunja nsomba ikalandira moto waukali mwadzidzidzi, koma maonekedwe ake ndi onga manthongo a munthu wodwala maso. Nditabaya ndi foloko pakati, foloko inatuluka yozizira. Pamwamba makala, m'mbali mphira, pakati Norway.

Nsima ndinali nditaphika kale, ndipo kubisa kunali kosatheka chifukwa utsi unali utafika kale pamphasa. Ndinagwada patali, n'kukankhira mbale. Apongozi anapemphera pemphero lalitali kuposa masiku onse. Atatsegula maso anatembenuza chidutswa chimodzi ndi chala, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku, n'kutembenukira kwa mdzukulu wawo.

"Afunseni atate anu, mutu uli kuti?"

Ndinayankha kudzera mwa mwana yemweyo kuti imabwera choncho, yodulidwa kale.

"Yopanda mutu, yopanda mchira, yopanda minga. Nanga adziwa bwanji kuti ndi nsomba?"

Atapala chipewa chija n'kuona mnofu wofiirira, anabweza dzanja. Ndinafotokoza kuti mtunduwo ndi wake, umachokera ku tizilombo ta m'nyanja timene nsombayi imadya, ndipo zoweta amaziikira m'chakudya chawo, kotero ngakhale itapsa bwanji siyera ngati bulimu. Zimenezo ndi zoona. Koma pakati pa chidutswa chomwe anali atagwiracho panalidi paliwisi, ndiye sayansi yanga inagwera pamchenga.

Sananene kanthu. Anadzuka, kumanga chitenje, kulowa m'khitchini mwanga. Anapala zakuda zonse n'kutaya, kunyenya mnofu, kukazinga anyezi mmodzi ndi tomato atatu, kuthira madzi theka la kapu, kusungunuliramo masupuni awiri a chiponde chotsala mumtondo muja, ndiye n'kuika nsombayo komaliza, mphindi zisanu zokha pamoto wochepa. Nsomba ya ku Norway inatha moyo wake yotendera, ndipo ndinadya nsima mitanda inayi mutu uli pansi.

Zidutswa ziwiri zotsala zinagona m'munsi mwa firiji, malaiti atabwera usiku. Lamlungu tikuchokera kutchalitchi amake mwana, omwe anali ataseka mpaka kukhala pansi, anati tichitenso, iwo azilamula ine ndizigwira. Chidutswa chilichonse chinali cha magalamu pafupifupi 150, chochindikala masentimita awiri ndi theka. Tinazipukuta ndi kansalu koyera mpaka chala osaterereka, n'kuwaza mchere theka la kasupuni ka tiyi. Nshawa tinasankha, zofota ndi zachuku kutaya, chifukwa imodzi yowawa imaononga mbale yonse ndipo chuku cha nshawa chili ndi poizoni amene moto sumupha. Tinazikazinga mphindi zitatu zokha, zongokwanira kuti makoko afikisike, n'kuzisiya zizizire. Kukazinga kwenikweni kumachitika muuvuni, ndiye zikalowa zitafiira kale zimatuluka zitapserera. Kusinja ndinawerenga mokweza, apongozi akumvetsera kuseri.

Masupuni anayi a nshawa zosinjazo tinasakaniza ndi masupuni awiri a nyenyeswa za buledi wouma, kasupuni ka mafuta ophikira ndi khungu la ndimu lopala pang'ono. Buledi amamwa mafuta otuluka m'nshawa, n'chifukwa chake pamwamba pamakhala pouma. Chomatira chinali supuni imodzi ya mastadi, kasupuni ka uchi ndi madontho a ndimu, chopakidwa mopyapyala. Uchi musaonjeze, umapserera msanga. Ngati mastadi mulibe, choyera cha dzira chimagwira ntchito yomweyo. Tinakanikiza nshawa ndi chikhatho kuti zigwire, kuika nsomba chikopa pansi pathireyi yopaka mafuta, pashelefu yapakati, madigiri 200. Uvuni ndinaletsedwa kuuyandikira. Pa mphindi 12 amake mwana anabaya pochindikala, mnofu unagawikana m'timagawo take, pakati pakadali ponyezimira pang'ono, ndiye anaitulutsa n'kuisiya mphindi zitatu kuti imalizike ndi kutentha kwake. Amene ali ndi choyezera kutentha amafuna madigiri 63 pakatipo. Nshawa zikafiira nsomba isanapse, mumangogoneka pepala la foyilo pamwamba osamata. Minofu ya bulimu wa ku Kariba imachitikanso chimodzimodzi, koma poti ndi yopyapyala mphindi 8 mpaka 10 zimakwana.

Apongozi analuma, ndipo khurrr uja anamveka mpaka pamene ndinagwada. Anatafuna nthawi yaitali, kunyema mbamu ina, kutafunanso. Kenako anaitana mdzukulu.

"Auzeni atate anu kuti yakoma. Koma akauze mlamu wawo uja kuti ulendo wina asamadye yekha mitu panjira."