Woganiziridwa si wolakwa: maola 48 oyamba munthu akamangidwa

Chilungamo chimayesedwa m'chitokosi cha apolisi, woweruza asanamuone n'komwe munthuyo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe amamva, auzidwenso kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Kumuumiriza kuvomera mlandu n'koletsedwa.

Kenako amawerengera maola. Pasanathe maola 48 apolisi ayenera kupita naye kukhoti. Nthawiyo ikathera tsiku loti khoti silitsegula, amapita naye tsiku loyamba logwira ntchito, n'chifukwa chake anthu amaopa kumangidwa Lachisanu madzulo: munthu amagona momwemo mpaka Lolemba.

Pa belo ndi pomwe abale ambiri amabetsa ndalama. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo wapolisi woitanitsa "ya fanta" akupempha ziphuphu basi. Kukhoti nako, udindo wosonyeza chifukwa chomusungira munthu ndi wa boma. Woweruza amaona ngati angathawe, ngati angaopseze mboni kapena kusokoneza umboni, ndipo angalamule chikole, anthu omuimira, ndi masiku okaonekera kupolisi. Zimaonongeka pa zinthu zazing'ono: womuimira wabwera wopanda chiphaso, kapena sakutha kufotokoza bwino kumene woimbidwa mlandu amakhala. Belo yaperekedwa, koma munthu n'kubwerera kundende.

Rimandi nayo ili ndi malire. Pa milandu ya kwa majisitireti ndi masiku 30, pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu ndi masiku 90, pokhapokha khoti litawonjezera. Komabe kundende za Maula ndi Chichiri kumapezeka anthu opitirira pamenepo, poti fayilo yasowa, mboni sizikubwera, kapena galimoto ilibe mafuta. Amati mlandu suola, zoonadi, koma munthu wodikira mlanduyo ndiye amaola. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau msanga, asadikire tsiku la mlandu.

Ufulu wokhala ndi loyawu achinyamata amauona ngati wamba. M'makhoti a Traditional Court a nthawi ya Kamuzu Banda, loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, onse odziwa malamulo, anaweruzidwa kumeneko mu 1983 kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse m'ndende, ndipo Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.