Timajambula thambo la usiku umene munthu sangauiwale

Bizinesi yathu ndi ya anthu awiri, ine ndi mchemwali wanga, ndipo ntchito yake ndi imodzi. Munthu amatiuza tsiku, ola ndi malo, ife n'kumujambulira mmene thambo linalili pamwamba pa malowo pa nthawi imeneyo: nyenyezi pamalo pake, mwezi pamsinkhu umene unafika, mapulaneti pomwe anali. Timasindikiza pa pepala lolimba, kuika mu felemu, m'munsi mwake n'kulembamo mawu ochepa amene mwiniwake wasankha. Ena amabwera ndi masiku achimwemwe, la ukwati kapena limene mwana anabadwa. Koma ambiri amene amatifunafuna ndi anamfedwa.

Nafenso tinayambira pa imfa. Bambo athu anatisiya usiku, ndipo patapita miyezi mchemwali wanga anandifunsa ngati usiku ujawu kunali mwezi. Tonse tinali pomwepo koma panalibe amene anayang'ana kumwamba. Funsolo linandisowetsa mtendere mpaka ndinatsegula Stellarium, pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene imaonetsa thambo la tsiku lililonse, lakale ngakhale lam'tsogolo. Ndinalowetsamo tsiku ndi ola. Mwezi unali usanatuluke, pulaneti ya Jupiter inali pamwamba, Nsangwe zikutsetserekera kumadzulo. Mchemwali wanga ndiye wa luso la manja, choncho anazijambula bwinobwino n'kupachika pakhoma. Achibale ataona anayamba kupempha zawo, kenako anzawo a achibalewo. Mpamba wathu unali kompyuta yakale ndi kuleza mtima.

Chimene chimapangitsa ntchitoyi kutheka n'chakuti kumwamba kuli dongosolo losaphonya. Chifukwa dziko likuzungulira dzuwa, nyenyezi iliyonse imatuluka mofulumirako ndi pafupifupi mphindi 4 usiku uliwonse. Mphindi zimenezi zikaunjikana kwa chaka chathunthu zimakwana tsiku limodzi, ndiye thambo limabwerera pomwe linali. Apa ndi pamene ndimakonda kuwaimitsa makasitomala athu kuti amvetse bwino. Ngati amayi anu anamwalira pa tsiku lakutilakuti cha m'ma 9 koloko usiku, chaka chilichonse pa tsiku lomwelo, ola lomwelo, mukaima pamalo omwewo, nyenyezi zija mudzazipeza pomwepo. Nyumba ikhoza kugulitsidwa, zovala zao n'kugawidwa, mawu ao n'kuyamba kuzilala m'makutu, koma zimene zinali pamwamba pao usiku umenewo zimabwera chaka ndi chaka popanda wozitumira uthenga. Ndaonapo anthu akugwetsa misozi atangomva zimenezi, chithunzi chenichenicho asanachione n'komwe.

Mwezi ndi mapulaneti ndiye sizitsatira kalendala yathu. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuchoka pokhala kufika pokhalanso, ndipo Jupiter imatha pafupifupi zaka 12 kuti izungulire dzuwa kamodzi. Komabe pakapita zaka 19 mwezi umabwereranso pamsinkhu womwewo pa tsiku lomwelo la chaka, zimene katswiri wa zakuthambo Meton wa ku Athens, ku Greece, anaziwerengera kale zaka zoposa 2,400 zapitazo. Choncho mwana amene anabadwa usiku wa mwezi wathunthu adzauonanso wathunthu, kapena wotsala pang'ono kwambiri, tsiku limene akukwanitsa zaka 19.

Funso limene timalimva kawirikawiri ndi la amene wokondedwa wao anamwalira masana. Amafunsa mokayika, ngati kuti iwowo samuyenera mwayi umenewu. Timawauza kuti nyenyezi sizichoka masana, kungoti kuwala kwa dzuwa kumaziphimba. Timajambula zonse zimene zinalipo, dzuwa n'kuliika pakati pake pamalo pomwe linali. Chimodzimodzinso usiku wamitambo kapena wamvula. Kwa ine zithunzi za masanazi ndi zimene zimandikhudza kwambiri, chifukwa zimaonetsa zinthu zimene zinalipodi koma palibe diso limene likanaziona.

Pali zinthu zimene tinagwirizana kuti sitidzachita ngakhale zitakhala za phindu. Sitigulitsa mayina a nyenyezi. Alipo amalonda amene amalandira ndalama n'kupereka chikalata chonena kuti nyenyezi yakuti tsopano ndi ya malemu uje. Bungwe la akatswiri a zakuthambo a padziko lonse la International Astronomical Union, limene mu 1922 linavomereza magulu 88 a nyenyezi amene akatswiri amagwiritsa ntchito mpaka lero, ndi limene limatsimikiza mayina, ndipo siligulitsa dzina kwa aliyense. Kutenga ndalama ya munthu wolira pomupatsa pepala lopanda ntchito n'kumulanga kawiri. Sitiloseranso za moyo wa munthu potengera nyenyezi.

Mawu olemba m'munsi ndi amene amatitengera nthawi yaitali. Ena amabweretsa ndakatulo yaoyao, ena dzina ndi zaka basi. Ambiri amapempha mawu aja otchuka akuti nyenyezi zimene timaziona zinafa kalekale, kungotsala kuwala kwake. Ndimamvetsa chifukwa chake amawakonda, koma ndimawauza zoona. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kwa dzuwa kumatipeza patapita mphindi 8, kwa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, patapita zaka zoposa 8, kwa Nsangwe patapita zaka zoposa 400. Zaka zimenezi ndi zambiri kwa ife, koma nyenyezi zimakhala zaka mamiliyoni, zina mabiliyoni, choncho pafupifupi zonse zimene diso limaona zikadalipo. Chakudya cha mtima chenicheni chili pena: kuwala kwa Nsangwe kumene mukuona usiku uno kunanyamuka agogo a agogo anu asanabadwe, ndipo kumene kukunyamuka panopa kudzafikira anthu amene sadzadziwa n'komwe mayina athu. Mlalang'amba wa Andromeda, umene kumalo amdima umaoneka ngati kamtambo kozilala, kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni. Anthu akamva izi nthawi zambiri amalemba mawu ao atsopano, ndipo amakhala okoma kuposa aja anabwera nao.

Ntchitoyi ili ndi zovuta zake. Ola likaphonyeka, thambo lonse limasendera pambali, choncho timafunsa mobwerezabwereza, makamaka ngati imfayo inachitikira kudziko lina kumene nthawi yake ndi yosiyana. Malo nawonso ndi ofunika: munthu wa ku London saona nyenyezi za Southern Cross, pamene wa ku Johannesburg saona Polaris, nyenyezi yolozera kumpoto. Kusindikiza mdima wosalala n'kovuta, inki ikachepa pang'ono thambo limatuluka lotuwa, ndipo pepala lotero timalitaya. Komanso munthu wolira safulumizidwa. Amatha kuyamba kufotokoza za tsiku n'kumaliza atakamba moyo wonse wa malemu, ndipo ife timamvetsera mpaka atamaliza.

Chimene chimandidetsa nkhawa masiku ano ndi magetsi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi sathanso kuona Mlalang'amba wathu (Milky Way) kuchokera kumene amakhala, chifukwa cha kuwala kwa m'mizinda. Makasitomala ena amatiimbira foni kuti anatuluka panja pa tsiku lao koma anangoona nyenyezi zowerengeka. N'chifukwa chake pa chithunzi chilichonse tsopano timaikapo kapepala kofotokoza mbali yoyang'ana, nyenyezi zowala zoyambira kufufuza, komanso kuti azimitse foni n'kudikira mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere mdima. Tikukonzanso zoyamba kutenga magulu ang'onoang'ono kupita nao kutali ndi magetsi, pa usiku wopanda mwezi, kuti tizikawalozera ndi chala zimene zili pa pepala lao.